Mkodzo Wobwereka

Mwana wanga wachisamba, mtsikana, anasiya kukodza pamphasa asanakwanitse zaka zitatu, ndipo ine ndinalengeza nkhaniyo mudzi wonse ngati ndagula ng'ombe. Ndinali mkazi wonyada pa zaukhondo. Pakhomo panga ndinkasesa kawiri patsiku, thandala la mbale linali lowongoka bwino, ndipo alangizi a zapakhomo akafika kwathu kuno ku Lobi ankatenga amayi ena kudzawaonetsa chimbudzi changa ndi chivindikiro chake. Ndinalinso ndi mtima wapachala. Kunyada ndi kupsa mtima zikakumana mwa mayi mmodzi, amene amalipira ndi mwana.

Chaka chimene anakwanitsa zaka zinayi, m'nyengo yozizira titangotha kukolola, anayambanso kunyowetsa mphasa. Tsiku loyamba ndinangomuyang'ana ndi diso loipa. Lachiwiri ndinamukoka khutu. Kenaka zinafika ndi masana omwe. Ankathamangira kuseri kwa nyumba pafupipafupi, n'kunjuta, n'kudontha timadontho tiwiri titatu, akulira. Akabwerako ankagwira pansi pa mchombo n'kunena kuti, "Amayi, pakuwotcha." Ine ndinali ndi khanda kumsana, la miyezi isanu, ndiye ndinagamula ndekha kuti ndi nsanje. Ndinkati akufuna abwerere ku ukhanda kuti ndizimubereka ngati mng'ono wake. Mkodzo wakewo unkanunkha kwambiri, fungo lolasa m'mphuno ngati khola la mbuzi, ndipo ndikayanika mphasa ndinkaibisa kuseri kwa nkhokwe kuti anthu odutsa asaione.

Thupi linkatenthanso. Likatentha masiku awiri, linkazizira, patapita sabata n'kutenthanso. Bambo ake anali ku maesiteti a fodya ku Kasungu, choncho dokotala wa pakhomo ndinali ine. Kwathu mwana akatentha thupi dzina la matenda linali limodzi, malungo. Ndinkagula mapiritsi pagolosale, n'kuwaphwanya m'supuni, n'kumutsina mphuno kuti ameze. Atatentha kachitatu, akukana ngakhale mbatata yootcha imene ankaikonda, ndinavomera kuti nzeru zanga zatha. Ndinadzuka m'mawa, khanda kumsana, wamkuluyo padzanja, ulendo wa ku chipatala cha mishoni. Ndi mtunda wa maola awiri, wokwera ndi kutsika, ndipo theka la njira ndinachita kumunyamula pamapewa.

Koma tsiku limenelo ndinali ndi malo enanso ofunika kufika. Masiku amenewo dziko linali la chipani chimodzi, ndipo mayi aliyense anali wovina wake, afune asafune. Kunali kukonzekera msonkhano waukulu wa kuboma, ndiye amayi tonse tinkayenera kukumana pabwalo la sukulu dzuwa likangopendeka, kukayeserera magule. Ankaitana maina. Wosabwera ankafunsidwa chifukwa, ndipo chifukwa cha munthu chinkatha kupotozedwa mpaka kusanduka mlandu. Ndikanatha kubisala kumbuyo kwa mantha amenewo, ndipo kwa zaka zambiri ndinabisaladi kumeneko. Zoona zake n'zakuti mayi wopita ndi mwana kuchipatala ankamumvetsa. Vuto linali lakuti ine ndinali wotsogolera nyimbo, ndipo panali mayi wina wa mawu okoma amene ankangodikira kuti ndijombe tsiku limodzi.

Adokotala a pachipatalapo anali bambo wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Anabaya mwana pachala, natenga magazi, natiuza kuti tidikire panja. Atatiitananso anapukusa mutu.

"Malungo mulibe, mayi. Ndi kuzizira kwa kumapiri kunoku, udzudzu muutenga kuti mwezi uno? Kodi mwanayu akamataya madzi amalira?"

Nkhani zoterezi sitinkazikamba pamaso pa bambo wachilendo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amangochita matama, adokotala. Ndi nsanje ya mng'ono wakeyu."

Iwo anawerama n'kufunsa mwiniwake. "Iwe, ukamakodza pamawawa?"

Mwana anandiyang'ana ine, osati iwo.

Adokotala anatulutsa kabotolo kakang'ono kowiritsidwa, kokhala ndi chitsekero chakuda. Anandifotokozera bwinobwino, sindingawanamizire. Anati ndipite naye kumpopi wa kuseri, ndimutsuke kumaliseche ndi madzi oyera kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndisagwire m'kamwa mwa botolo. Akayamba kukodza, madontho oyamba agwere pansi, nditape apakati, ndibweretse nthawi yomweyo. Ndinkangoti "inde, inde," koma mumtima ndinkaseka. Matenda a mkodzo amene ndinkawadziwa anali likodzo lokha, la anyamata osambira m'madambo, amene amakodza magazi. Mwana wanga sankakodza magazi ndipo kudambo sankapitako. Kwa ine botololo linali mwambo chabe wa kuchipatala, ngati kuima pasikelo, chinthu chimene umachita kuti akupatse mankhwala uzipita.

Kuseri kwa chipatala kunali kakhoma ndi mpopi, ndi mphepo yozizira yochokera kuphiri. Ndinamutsuka ndi madzi ozizirawo, iye akunjenjemera, n'kumuuza kuti anjute. Ananjuta. Palibe chinatuluka. Lero ndimadziwa chifukwa chake. Mwana amene wakhala akuwotchedwa nthawi iliyonse akakodza amaphunzira kugwira mkodzo, ndipo mwana amene mayi ake akhala akumumenya chifukwa cha mkodzo sangautulutse mayiyo ataimirira pamutu pake ndi botolo. Tsiku limenelo sindinaganize zonsezi. Ndinangoona mwano.

"Kunyumba umakodza paliponse, pano ndiye wauma? Fulumira!"

Anaphatikiza miyendo n'kuyamba kulira. Khanda nalo linadzuka kumsana. Belu la masana linalira kutchalitchi, ndipo ine ndinawerenga m'mutu maola awiri a njira yobwerera. Ndinakweza dzanja.

"Anzanga, musamuphe mwana chifukwa cha madzi."

Anali mayi wina wa cha ku Mphunzi, wansangala, amene nayenso anatumidwa kuseriko ndi botolo. Mwana wake, mtsikana wonenepa wa msinkhu womwewo, anali atadzaza lake mpaka m'khosi. Mayiyo analikweza m'mwamba akuseka.

"Wangayu ndi chitsime. Bweretsani lanulo ndikugawireni."

"Kodi zimatheka?" ndinafunsa.

"Zilekerenji? Mkodzo wa ana ndi umodzi, onse amamwa phala lomwelo. Iwo aja amangofuna kuona kuti mwabweretsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Kwathu timapatsana moto, timapatsana mchere, ufa ukatha umatuma mbale kwa mnzako. Kukana chithandizo cha munthu wokoma mtima ndi mwano. Ndinatambasula botolo langa, iye anathiramo theka la lakelo mosamala osataya ngakhale dontho, ndipo ine ndinawomba m'manja kuthokoza monga mmene timathokozera mchere. Sindinafunse n'komwe chimene mwana wakeyo ankadwala. Mayiyo sindinamuonenso, ndipo sindinamusungire mangawa. Anandipatsa zimene anali nazo, wolandira ndinali ine.

Adokotala anapita nalo botololo pazenera pamene panali makina awo oonera tizilombo. Anayang'anamo nthawi yaitali. Anasintha kagalasi, nayang'ananso.

"Muli mbee," anatero. "Ndadabwa, mayi. Ndimaganiza kuti vuto lili m'chikhodzodzo, koma mkodzo uwu ndi wa mwana wabwinobwino." Analemba pakhadi, natipatsa mapiritsi oziziritsa thupi. "Akatenthanso mubwere naye msanga, tidzayesenso. Ana aang'ono satha kufotokoza, amene amatiuza zoona ndi mkodzo."

Ndinafika pabwalo la sukulu maina asanayambe kuitanidwa. Ndinaimba bwino tsiku limenelo, mpaka amayi a pampando a chipani anandiyamikira pamaso pa gulu.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi chimene chinachitika m'mutu mwanga masiku otsatira. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mkodzo uja sunali wa mwana wanga. Komabe mawu akuti "muli mbee" ndinawatenga n'kuwasunga ngati anenedwa za iyeyo. Pasanathe sabata ndinali kuwabwereza pachitsime ndi mtima wonse: adokotala amuyeza, akuti sakudwala, ndi ulesi basi. Bodza ukalinena kangapo limakhazikika m'nyumba ngati mlendo amene waiwala kwawo.

Ndiye popeza sankadwala, ndinayamba kuchiza ulesiwo. Choyamba ndinamuletsa kumwa madzi kuyambira masana, poganiza kuti mtsuko wopanda madzi sutayikira. Zitakanika, ndinapita ku mwambo wa makolo. Kumudzi kwathu mwana wokodza pamphasa ankamumangirira chule m'chiuno ndi luzi m'mawa, n'kumusenzetsa mphasa yake yonyowayo, ana anzake n'kumuzunguza mudzi akuwomba m'manja ndi kumukuwiza. Ankati manyazi ndi mantha a chule zimatseka njira. Mwambowu unali wa ana aakulu, a zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, oti ayamba kale sukulu. Wanga anali ndi zinayi. Mayi woyandikana nane nyumba, munthu wofatsa amene sankalowerera za eni, anafika pamene ndinkamanga luzi.

"Koma anzanga, ameneyu sanachepe? Taonani mmene waondera."

"Adokotala anena kuti sakudwala," ndinayankha, ndikukoka mfundo.

Chule ndinakamugwira ndekha kudimba. Ana ndinawaitana ndekha. Mphasa inali yaikulu kuposa mwiniwake, moti inkakwekwereza pansi kumbuyo kwake. Sanalire mokweza. Ankayenda atatambasula dzanja limodzi kutali ndi thupi kuti lisakhudze chule uja, pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. Ine ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno, ndikudziona ngati mayi wodziwa kulera.

Kuchokera tsiku limenelo sananenenso kuti pakuwotcha. Akafuna kukodza ankazemba n'kupita yekha kuseri kwa khola la nkhumba, kumene sindikanamumva. M'mawa ankadzuka ine ndisanadzuke n'kumayesa kupukuta mphasa ndi diresi lake. Ndinauza anthu kuti mwambo wagwira ntchito. Thupi linatenthanso kawiri konse nyengo yosoka mizere, koma kuchipatala sindinabwerere. Ndinkati ntchito yachuluka. Chenicheni n'chakuti sindinkafuna kukumananso ndi kabotolo kaja, chifukwa penapake pansi pa mtima ndinkadziwa chimene kakanena.

Mwana anadzagwa nawo matendawo mvula itakhazikika, tili pakati pa kupalira. Bambo ake anali atabwerako. Tinamusiya pamthunzi m'mbali mwa munda, ndipo pobwera kudzamwa thobwa tinamupeza akunjenjemera mano akugundana, atasanza paliponse. Thupi linali moto. Bambo ake atamugwira m'nthiti cha kumsana kuti amudzutse, anakuwa mokweza mpaka anthu a m'munda woyandikana anaponya makasu. Tinathamanga naye momulandizana, matope mpaka m'mawondo, ndipo pofika kuchipatala anali atasiya kuyankha dzina lake.

Anamugoneka, namuika madzi a m'botolo pamkono, namubaya jakisoni. Kutacha, maso atatseguka pang'ono, kunabwera asisitere ena achikulire, amene anali namwino wamkulu wa chipinda cha ana. Ananyamula kabotolo konga kaja. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire, koma iwo anati, "Inu khalani apo, mayi, muyamwitse khandalo."

Anamutengera pakhonde pamene panali kadzuwa. Anamutsuka ndi madzi ofunda. Anamupatsa tiyi wa shuga m'kapu yachitsulo, namukhazika pamiyendo pawo. Sanamuuze kuti akodze. Anatenga ketulo n'kumathira madzi pang'onopang'ono m'beseni kuti mwana azimva kulira kwake, madzi akatha n'kuwabwezera m'ketulo, n'kuyambanso. Ankacheza naye za nkhuku zimene zinkadutsa pabwalo, kuti iyi ndi ya ndani, iyo yaikira mazira angati. Anthu ankabwera kudzawaitana, iwo n'kumangoti, "Ndikubwera, ndili pantchito." Anakhala pamenepo kuyambira Misa ya m'mawa itangotha mpaka dzuwa linafika pamutu. Pomaliza mwana ananong'ona kanthu m'khutu mwawo, iwo anamunjutitsa atamugwira manja, ndipo analira pang'ono n'kukodza. Zimene zinalowa m'botolo zinali zoyera mbuu ngati matsukwa a mphale.

Adokotala omwe aja anatiitana tonse awiri, ine ndi bambo ake. Anandiuza kuti ndiike diso pa makina aja. Ndinaona tinthu tozungulira tambirimbiri, tothithikana mpaka kusowa mpata.

"Amenewo ndi mafinya," anatero. "Tizilombo timalowa kuchokera kunja n'kukhala m'chikhodzodzo. Mwa ana aakazi njira yake ndi yaifupi, ndiye sizichedwa. Matendawa tikawapeza akadali pamenepo, ndi mapiritsi a masiku ochepa, mwana n'kumasewera. Koma apa akwera, afika ku impso."

Kenaka anatenga khadi la mwana n'kulitembenuza. Anawerenga zimene analemba okha miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo.

"Matenda awa si a dzulo. Tsiku lija munabwera, zizindikiro zonse zinalipo, ndipo ndinayang'ana kawiri. Pano ndinalemba ndi dzanja langa kuti munali mbee." Anavula magalasi n'kutikita maso. "Kapena maso angawa ayamba kutha. Ndikanaziona tsiku lija, mwanayu sakanafika apa. Mundikhululukire, mayi."

Bambo wamkulu, wophunzira, anapepesa kwa ine. Bambo a mwana anali pambali panga, chipewa chili m'manja. Asisitere anali pakhomo. Ndinamva mawu anga akutuluka bwinobwino, aulemu, ngati a munthu wa mtima wabwino.

"Palibe kanthu, adokotala. Kulakwa n'kwa tonse."

Anandithokoza.

Mwana anakhala m'chipatala masabata awiri akubayidwa majakisoni mpaka matako anatupa. Anachira. Tinapereka nkhuku kwa asisitere, tinapereka Misa yothokoza, ndipo ine ndinauza mtima wanga kuti nkhani yatha, Mulungu wandikwiririra. Sindinamumenyenso mwana ameneyo chifukwa cha mphasa, ndipo ana anga onse obwera pambuyo pake sanaone chule m'chiuno. Koma kuulula sindinaulule, ngakhale kwa bambo ake, ngakhale kwa ansembe. Polapa ndinkanena za kupsa mtima ndi miseche, zinazo n'kudumpha.

Anakula wochepa thupi, wofatsa, wosakonda kupempha kanthu kwa munthu. Anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa wa ku Kasina, mnyamata wabwino. Mimba yoyamba miyendo ndi nkhope zinatupa, magazi anathamanga kwambiri, ndipo mwana anabadwa miyezi isanakwane, wosalira. Yachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo ulendo umenewo mwiniwakeyo anatsala pang'ono kupita. Anamutumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda kumene anamujambula m'mimba. Anapeza kuti impso imodzi inafota kalekale, inayo ili ndi zipsera. Anamuuza kuti mimba yachitatu idzamutenga. Akuchimuna anapirira chaka chimodzi, kenaka anayamba kulankhula za mbumba, ndipo mwamunayo, ngakhale analira, anamvera akwawo. Mwana wanga anabwerera kwathu ndi sutikesi imodzi, chaka chimene anthu anayamba kunong'onezana za zipani zambiri. Bambo ake anali atamwalira kale.

Tsiku lina tinali pabwalo awiriwiri, tikupeta nyemba zimene tinamenya m'mawa. Iye anayamba yekha, maso ali pa lichero.

"Amayi, adokotala a mumzinda aja anandifunsa ngati ndinadwalapo matenda a mkodzo ndili mwana. Akuti zipsera zotere nthawi zambiri zimabwera matendawo akakhalitsa osachizidwa. Akuti sangatsimikize, koma ndi mmene zimakhalira. Ndinawauza kuti amayi anga ananditengera kuchipatala msanga, koma adokotala a kumishoni sanawaone matendawo. Si mmene munkanenera?"

Ndi mmene ndinkanenera, kwa zaka makumi awiri. Ndikanangoti "eya" n'kupitiriza kupeta, ndipo palibe wamoyo amene akananditsutsa. Ndinaika lichero pansi n'kumuuza zonse. Ndinamuuza za kakhoma ndi mpopi, za mayi wa ku Mphunzi, za nyimbo zimene ndinkathamangira. Ndinamuuza kuti adokotala aja sanalakwe, maso awo anali abwino, ndipo anapepesa mlandu wanga ine n'kuwalandira. Ndinalira, ndipo ndinachita manyazi kuti wolira ndine.

Iye sanalire. Anapitiriza kutola timiyala m'nyemba, kamodzikamodzi, n'kumatiponya kumbali. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna kuti atero. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu ake ofatsa aja, ngati akufunsa mtengo wa sopo.

"Kuseri kuja, musanalandire za mayi uja, munandidikira nthawi yaitali bwanji?"

M'mutu mwanga nthawi zonse ndinkakumbukira kuti ndinadikira kwambiri, mpaka kutopa. Koma atafunsa choncho ndinabwerera pakakhoma paja n'kuwerenga bwinobwino, kuyambira pamene ndinatsegula mpopi mpaka pamene ndinawomba m'manja.

"Madzi a tiyi sakanawira," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anathira nyemba zake m'thumba, namanga pakamwa pake, n'kulowa nalo m'nyumba.